Nsomba ya Che Twaha Ilowa Dibi

Chaka cha 1979 mchere unasowa m'masitolo onse a pa Katete, anthu n'kumadya ndiwo zosakolera ngati odwala, koma kuseri kwa sitolo ya Che Twaha kunali nsomba imodzi yomwe inkasambira mumchere usana ndi usiku. Inali ya kunyanja yamchere, yachikasu ndi mizere yabuluu, kukula kwake chikhatho, ndipo amene anaisiya m'bokosi lagalasi ndi mwana wawo Ibrahim popita ku Dar es Salaam kukagwira ntchito m'sitima yapamadzi.

Miyezi isanu ndi inayi inali itatha Ibrahim osalemba kalata, ndipo mayi ake, a Kuluthumu, anali atagamula okha kuti nsombayo ikamapuma ndiye kuti mwana wawonso akupuma. Che Twaha ankawakalipira kuti munthu wopemphera saika moyo wa mwana m'galasi. Ankatero pakamwa. Koma tsiku limene nsomba inayamba kudzikhula pamiyala, diso limodzi litachita mtambo, mayi ali kumaliro ku Sinda, amene anatseka sitolo masanasana n'kuthamangira kwa mlangizi wa ziweto anali iwo omwewo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Basi yobwera ndi mayi inkafika folo koloko.

Mlangiziyo anali a Filimoni Nkhoma, munthu amene sankayetsemula asanaone ngati buku likulola. Anafika panjinga, buku la malamulo kukhwapa, chigubu chofiira chitamangidwa pakaliyala.

"Chiweto chili kuti?" anafunsa a Filimoni, akudzikupiza ndi chipewa.

"Icho," analoza Che Twaha.

A Filimoni anasuzumira kunsi kwa tebulo, kenako kuseri kwa chitseko.

"Ine ndiona nsomba chabe."

"Ndiyo ikudwalayo."

"Oho. Mufuna ndiione ngati ili bwino kudya?"

"Kudya! Asitaghafirula! Imeneyi ndi nsomba ya mwana wanga, a Nkhoma. Ibayeni jekeseni, ichire, muzipita."

"Jekeseni sabwera patsogolo pa fomu." A Filimoni anakhala pabokosi lamatabwa lomwe kale munkakhala sopo, nanyowetsa pensulo ndi lilime. "Dzina la mwini?"

"Ibrahim Twaha."

"Abwere asaine."

"Ali panyanja."

"Abwera liti?"

Che Twaha anatembenukira kubokosi lagalasi lija. Funso limenelo ndi lomwe linkawadya mumtima tsiku ndi tsiku, ndipo zinawawawa kulimva kuchokera kwa munthu wovala kabudula wa khaki.

"Lembani ine," anatero motsitsa.

"Inu ndilemba kuti woweta. Mtundu wa chiweto: ng'ombe, mbuzi, nkhosa, bulu, nkhumba."

"Chomalizacho musachitchulenso m'nyumba muno."

"Ndiye zatsala zinayi. Sankhani."

"Lembani nsomba!"

"Palibe mzere wa nsomba."

"Jambulani mzerewo! Pensulo si iyo muli nayo?"

"Fomu ya boma sitiwonjezera mizere, Che Twaha. Muganiza amene anailemba sankadziwa kuti kuli nsomba?" Anayandikira galasi n'kupendeketsa mutu. "Ili ndi mawanga. Mpata wolemba mawanga uli ku ng'ombe chabe. Ilowa ku ng'ombe."

"Mwana wanga anandisiyira ng'ombe ine?"

"Kuyambira lero. Yamphongo kapena yaikazi?"

"Ndidziwe bwanji?"

"Miyezi naini muli nayo, simunaione?"

"Ine ndimaipatsa chakudya, sindiifunsira mbeta!"

"Ndilemba yofula. Yosadziwika mbali timalemba yofula."

Analembadi. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa choyezera kutentha, chachitali ndithu, nachikutumula katatu.

"Gwirani mchira, mukweze."

"Chimenecho mufuna kuchilowetsa kuti?"

"Komwe chimalowa."

"Walahi, mukangoigwira mchira nsomba imeneyi, ine ndi inu tikalekanitsidwa ndi apolisi."

"Chabwino. Ndiyeza madzi, pakuti ndi mmene igona."

Anaviika chala m'bokosimo, ndipo mwachizolowezi anachinyambita. Anatsinzina. Anakhala chitsinzinire kanthawi, chala chikadali mkamwa, ngati munthu wakumbukira malemu wake.

"Uwu ndi mchere," anatero.

"Eya."

"Weniweni."

"Nanga nsomba ya kunyanja yamchere ikhale m'thobwa?"

"Akazi anga a Jenipher anabwera kuno Loweruka. Munawauza kuti mchere kulibe."

"Wogulitsa kulibe. Uwu ndi wa nsomba, anasiya ndi Ibrahim, thumba lake lapadera."

"Ise sabata ya seveni tidya therere lopanda kanthu, manje nsomba yanu isamba nawo?"

"Ndi mankhwala ake! Dzulo ndawonjezera manja awiri, m'mawa uno dzanja lina."

"Manja atatu," anatero a Filimoni ndi mawu a pamaliro. "Ndiye yachira?"

"Ichira. Sunakolere."

"Che Twaha, nsomba timaithira mchere ikafa. Inu mwayamba msanga."

"Tsukani mkamwa mwanu! Ndani wanena za kufa pano?"

A Filimoni anatembenuza fomu, pakuti kuseri kunalinso mafunso.

"M'khola lino mwalowa chiweto chachilendo posachedwa?"

"Si khola ili."

"Mwalowa kapena simunalowe?"

Che Twaha anakanda ndevu. Mwezi uliwonse Yakubu, dalaivala wa lole ya ku Dar es Salaam, ankawabweretsera chigubu cha madzi a m'nyanja. Za Ibrahim sankabwera nazo, koma madzi okha sankaiwala. Ulendo womaliza anaikamo kansomba kakuda kuti yachikasuyo izikhala ndi mnzake.

"Pemiti yake?" anafunsa a Filimoni atamva.

"Pemiti ya chiyani?"

"Chiweto chochokera kunja kwa dziko. Chinadutsa bwanji pamalire?"

"M'chigubu, kunsi kwa mpando."

"Zimenezo sindinamve. Munachipatula kaye masabata atatu chisanalowe kwa chinzake?"

"Ndichipatule bwanji, poti chinabwera kudzacheza?"

"Ndi mmene matenda alowera m'khola, kudzacheza. Chili kuti manje?"

"Chinafa tsiku lachitatu."

"Mtembo munatentha kapena munakwirira?"

"Anadya ndi mphaka."

Pensulo inaima.

"Mphakayo ali kuti?"

"Musiyeni mphaka wanga! Koma abale inu, ndakuitanirani jekeseni! Je-ke-se-ni!"

Popeza woweta anali atalimbikira chotero, a Filimoni anavundukula kansalu n'kutulutsa jekeseni uja. Anamuyezera pagalasi. Singano yokha inapitirira nsomba kuyambira kukamwa mpaka kumchira, n'kutsalako ina.

"Ndibaye pati kuti isatulukire uko?"

"Mulibe yaing'ono?"

"Iyi ndiyo yaing'ono. Yaikulu ndibayira nkhunzi."

"Bayani pang'ono basi, kansonga kokha."

"Buku likuti singano ilowe yonse."

Che Twaha anakankha dzanja la a Filimoni kutali ndi galasi.

"Ndiye ndiuzeni, ikudwala chiyani?"

"Kudziwa kwenikweni timadziwa ikafa. Timang'amba, n'kuona kapamba."

"Ine ndikufuna ichire!"

"Ndiye mwasankha njira yovuta."

Komabe munthuyo ntchito yake ankaidziwa, tisamunamizire. Anatulutsa galasi lokuza zinthu, nagwada, nadikira mpaka nsomba inadutsa pafupi ikudzikhula pamwala. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka Che Twaha malaya kuti nawonso aone. Pakhungu la nsomba, ngakhale padiso lamtambo lija, panali titinthu taphanthiphanthi, toonekera ngati madzi, titakakamira nganganga. Kena kanasuntha.

"Nkhupakupa," analengeza a Filimoni.

"Nkhupakupa m'madzi? Zimapuma bwanji?"

"Iyo ndi nkhani yawo. Buku likuti chokakamira pakhungu la ng'ombe n'kumayamwa ndi nkhupakupa. Iyi tailemba ng'ombe. Ibwere kudibi Lachinayi, seveni koloko, ikhale pamzere ndi zinzake."

"Lachinayi! Amayi ake Ibrahim afika lero, folo koloko! Ndipo kudibiko ipita bwanji, pangolo?"

"Iyayi. Chiweto chipita kudibi ndi miyendo yake."

"Miyendoyo mukuiona?"

A Filimoni anaiyang'ananso nsomba ija, mwina kuti miyendo inabisala, kenako anayamba kutembenuza masamba a buku, akunyambita chala chamchere chija.

"Tsamba fote wani. Chiweto chosatha kuyenda chisambitsidwe pakhomo. Itha kuyenda?"

"Imasambira bwino kwabasi," anatero Che Twaha monyada.

"Sindinafunse zosambira. Kuyenda."

"Siyenda."

"Ndiye ili ndi mwayi. Ndipatseni beseni."

Anatuluka n'kubwera ndi chigubu chofiira chija. Pambali pake panali chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa. Asanamalize kuthira m'beseni, Che Twaha anali ataima kale kutsogolo kwa bokosi lagalasi, manja atatambasula.

"Poizoni ameneyo? Pansomba ya Ibrahim? Ayi, ayi, ayi. Anthu amathira zoterezi m'madambo kuti nsomba ziyandame!"

"Za m'chigubu ichi sizinaphepo kanthu."

"Nanga chigazacho?"

"Chinabwera ndi chigubu."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Sindiloledwa kukamba."

"Wakuletsani ndani?"

"Nazonso sindiloledwa."

"Ndiye nyamulani chigubu chanu, njinga yanu ndi buku lanu. Ine ndithira mchere."

Anapisa dzanja m'thumba la Ibrahim n'kutapa lodzaza. A Filimoni anawagwira mkono.

"Dzanja lachinayi ilo? Pamaso panga?"

"Mchere ndi wanga!"

"Ng'ombe ndi ya m'buku langa!"

Akulimbana choncho, mchere ukuwayika pansi, nsomba inapendekeka. Inayesa kuwongoka, inalephera, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukatsamira mwala. Mopumira mwake munkatseguka ndi kutsekeka mothamanga. Wotchi yapakhoma inkati twente pasiti fili.

Che Twaha anafumbatula dzanja. Mantha anawagwira, mantha enieni, osati a sitolo kapena a apolisi. Anaona a Kuluthumu akutsika basi, osavula ndi nsapato zomwe, kulunjika kugalasi monga ankachitira masiku onse, n'kupeza kanthu kachikasu katayandama chagada. Ndipo anadziwa kuti tsiku limenelo sipadzakhala vesi kapena mwambi wotonthozera mkaziyo, chifukwa iwonso eni ake adzakhala atakhulupirira.

"Lumbirani kuti sifa," anatero.

"Buku sililola kulumbira. Koma ng'ombe mazana atatu zilowa Lachinayi lililonse, ndipo zonse zituluka ndi miyendo yawo."

"Nanga nkhupakupa?"

A Filimoni anakhosomola n'kuyang'ana wotchi yapamkono.

"Nthawi ikutha, Che Twaha."

Che Twaha anatenga sefa wa ufa, nati bisimila, nawola nsomba ija mosamala ngati khanda, n'kuitsitsira m'beseni.

"Mutu ulowe," analamula a Filimoni. "Kudibi mutu ulowa."

"Mutu uli m'madzi chibadwire!"

"Chabwino. Maminiti faifi."

Nsomba inathamanga kuzungulira beseni kawiri, inagunda m'mbali, kenako inagona cham'mbali pansi, zii.

"Yafa! Mwaipha! Ichotseni!"

"Yatha imodzi. Zatsala folo."

"Ndati ichotseni!"

Che Twaha anatambasula sefa, koma a Filimoni anawachangamukira. Anatenga buku la malamulo n'kuvundikira nalo beseni, natsamirapo ndi zigongono zonse ziwiri.

"Chotsani bukulo!"

"Buku likuti faifi."

"Ndikuswani ndi sefayu, a Nkhoma, walahi!"

"Mudzandiswe ikatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ndinu! Inu ndi amene anakulembani ntchito!"

"Zatsala zitatu."

Che Twaha anazungulira tebulo, anakoka ngodya ya buku, anaponda mchere, anatsala pang'ono kugwa. Kenako anakhala pansi, msana kukhoma, sefa pamiyendo.

"Ndikamuuza chiyani Kuluthumu?" anafunsa. "Mwanayo ndinamulola ndine. Ndinati apite, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mayi ake ankakana."

A Filimoni sanayang'ane kumbali. Thukuta linkawatsika m'khosi.

"Yatsala imodzi," anatero pang'onopang'ono.

Miniti imeneyo inatalika kuposa ulendo wa ku Chipata. Itatha, a Filimoni ananyamula buku, ndipo mitu iwiri inagundana pamwamba pa beseni. Nsomba inali chigonere, koma ikupuma. Pansi pa beseni panali titinthu toyera mbee, ngati wina wawazamo chitowe.

"Zagwa," ananong'ona Che Twaha. "A Nkhoma, zagwa!"

Anaiwola n'kuibwezera m'galasi. Inamira mpaka pansi, inabisala kuseri kwa mwala, inakhala. Amuna awiri akuluakulu anali chigwadire, mphuno pagalasi, osapuma. Kenako inatulukira, yowongoka, n'kudutsa mwala uja osaukhudza. Che Twaha anafikisa kausipa kouma pamwamba pa madzi. Nsomba inakwera n'kujompha.

"Alihamudulila! Yadya! Mwaiona? Yadya!" Che Twaha anawakumbatira a Filimoni mpaka chipewa chinagwa. "Boma ndi boma, achimwene! Ine ndimanena masiku onse kuti mankhwala a boma ndi ena! Mundisiyireko m'botolo."

Koma a Filimoni sankamva. Anali atagwadira beseni, akuwerenga titinthu tija ndi nsonga ya pensulo, milomo ikugwedera.

"Twente fili," anatero. "Zafa twente fili. Zafadi."

"Nanga mumayembekeza chiyani?"

A Filimoni anadzuka ngati munthu wolota, kukhosi kutauma. Ananyamula chigubu chofiira chija, nachipendeketsa kukamwa, gu, gu, gu.

"Mayo ine! Lavulani! Lavulani, a Nkhoma! Mkaka! Mufera m'sitolo mwanga, anthu adzati chiyani?"

"Ndi madzi, Che Twaha."

"Ati?"

"Madzi a m'chitsime cha padibi." Anapukuta pakamwa ndi mkono, nayang'ana kukhomo. "Mankhwala anatha chaka chatha mu Febuluwale. Anatiuza kuti tisakambe, alimi angataye mtima."

Che Twaha anakhala pabokosi la sopo lija.

"Nanga ng'ombe mazana atatu Lachinayi lililonse?"

"Zisamba."

"M'madzi chabe?"

"Buku likuti ng'ombe zilowe dibi sabata iliyonse. Silikuti zileke mankhwala akatha."

"Ndipo nkhupakupa?"

"Nazo zisamba."

"Ndiye inu munaika nsomba ya mwana wanga m'madzi akumwa, n'kuvundikira ndi buku, osadziwa ngati ichira?"

"Ndinadziwa kuti ndi tsamba fote wani."

Che Twaha anayang'ana beseni, anayang'ana thumba la mchere, n'kugwira pakamwa.

"Ndazindikira. Tizilomboti tinazolowera mchere kwawo kunyanja. Talawa madzi a pa Katete osakolera, tafa."

"Maminiti faifi chabe," anatero a Filimoni mowawidwa. "Ise tapirira masabata seveni."

Anatola buku lija, lomwe chikuto chake chinali chitanyowa, natenganso fomu ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, pensulo ili m'mwamba. Nkhope yawo inagwa.

"Pepani, Che Twaha. Ndilemba kuti yafa."

"Yafa ndani? Iyo ikudya usipayo?"

"Mu lipoti."

"Mwapenga? Dzina la Ibrahim lili pamwamba pa fomuyo! Simulemba mawu amenewo pansi pa dzina la mwana wanga!"

"Mvetsani. Iyi ndi ng'ombe yoyamba kuchira m'dibi langa m'miyezi fotini. Ndikalemba kuti yachira ndi madzi, kulikulu adzati basi, madzi akwana, mankhwala n'ngachiyani? Sadzatumizanso mpaka Yesu kubwera. Manje m'midzi ya ku Mkaika ng'ombe zikutha. A Ackson Mvula zawafera zisanu mwezi uno, zolimira zonse. Mufuna ndiwaphere zotsalazo chifukwa cha nsomba?"

Che Twaha ankawadziwa a Mvula, ndipo ng'ombezo ndi zomwe zinkakoka ngolo ya katundu wa sitolo.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Fufutani dzina la Ibrahim, mulembe langa. Lembani kuti yafa. Pepala si Mulungu. Bola amayi ake asalione."

"Zikomo." A Filimoni analemba chilembo choyamba, n'kuima. Anatsegula buku. Anawerenga. Anatseka, natsegulanso pomwepo. "Muli ndi palafini?"

"Wa chiyani?"

"Tsamba sikisite. Ng'ombe yofa ndi matenda a nkhupakupa itenthedwe pamaso pa mlangizi, tsiku lomwelo."

"Koma siinafe!"

"Ndikalemba kuti yafa ndiye kuti yafa."

"Mwanena nokha kuti mu lipoti mokha!"

"Ndiye ndisaine kuti ndatentha chinthu chimene sindinatenthe? Limenelo ndi bodza, Che Twaha."

"Nanga kulemba kuti yafa si bodza?"

"Tikaitentha silikhalanso bodza."

Anatambasula dzanja kuti atenge sefa. Che Twaha anamukhalira. Kunja, cha kumsewu waukulu, kunamveka hutala ya basi ya ku Sinda, ndipo agalu a pamsika anayamba kuuwa.

"Ndipatseni sefa."

"Mudzachita kundinyamula naye."

"Ng'ombe za anthu, Che Twaha!"

"Mwana wanga, a Nkhoma!"

Anayang'anizana, onse akupuma mwawefuwefu. Ndiye Che Twaha anapendeketsa mutu, monga ankachitira kasitomala akabwera ndi nkhani yosamveka.

"Taimani. Chithereni mankhwala, mwalemba malipoti angati opempha ena?"

"Mwezi uliwonse. Fotini. Makope atatuatatu."

"Munalembamo kuti ng'ombe zikufa?"

"Ndi mayina a eni ake omwe."

"Anayankha angati?"

A Filimoni anayang'ana nsapato zawo.

"Olo limodzi."

"Miyezi khumi ndi inayi, zii?"

"Zii."

"Akuluakulu anuwo anamwalira?"

"Iyayi! Ali moyo. Ndinawaona pa chionetsero cha zaulimi. Anenepa kusiyana ndi kale."

Che Twaha anayamba kuseka, kuseka kochokera pansi pamimba, mpaka misozi inatsikira m'ndevu. Anali asanasekepo chotero chichokereni Ibrahim. Choncho munthu atha kukhala miyezi khumi ndi inayi osalemba kalata, ali moyo, akunenepa! Mwana wawoyo anali atangokwanitsa isanu ndi inayi. Mtima unawapepukira, ndipo anafuna mkazi wawo afike msanga kuti amuuze zimenezi.

Kukhomo la sitolo kunamveka odi wa a Kuluthumu. Che Twaha anadzuka pa sefa uja, anapukuta maso, natola pensulo n'kuifumbatitsa m'dzanja la a Filimoni.

"Lembani zoona, achimwene. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu kuti ng'ombe yofula yachira ndi madzi a m'chitsime, makope atatu."

"Nanga akadziwa?"

"Adziwa bwanji? M'dziko muno ukafuna kubisa chinthu kuti asachipeze munthu, umachilemba mu lipoti."